KHANSA YOSAMVA MANKHWALA: KODI YANKHO LILI M'MITENGO?

Pakhomo pa anthu ambiri pali kachitsamba ka maluŵa oyera kapena ofiirira kotchedwa Madagascar periwinkle. Ambiri a ife sitidziŵa kuti m'masamba ake mumachokera mankhwala aŵiri a khansa. Oyamba, vinblastine, anatulukiridwa ku Canada m'chaka cha 1958 ndi Robert Noble ndi Charles Beer, pa ntchito imene inayamba ngati kufufuza mankhwala a matenda a shuga. Achiŵiri, vincristine, ali m'gulu la mankhwala amene madokotala kuno kwathu amachizira ana odwala Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba. Nawonso mankhwala a paclitaxel, amene amathandiza odwala khansa ya pakhungu ya Kaposi, anapezeka m'khungwa la mtengo wa ku America wotchedwa Pacific yew.

Tsono vuto ndi ili: nthaŵi zina khansa imaleka kumva mankhwala. Chotupa chimaphwa, koma pakapita miyezi chimayambanso kukula. Chimodzi mwa zifukwa zake chinadziŵika m'chaka cha 1976 ku Toronto. Maselo ena a khansa, ndiko kunena tizigawo ting'onoting'ono ta chotupa, amatha kulavula mankhwala asanagwire ntchito, ndipo opulumukawo ndiwo amachulukana. N'chifukwa chake akatswiri akufufuzabe m'mitengo. Mu mtengo wina wa ku South Africa, Combretum caffrum, anapezamo mankhwala a combretastatin, amene amatseka mitsempha yopereka magazi ku chotupa, ndipo akhala akuyesedwa pa odwala kwa zaka zambiri.

Kodi pamenepa tinene kuti wodwala amene mankhwala a kuchipatala amukana angophika masamba namwa? Ine ndikuti ayi. Kuti apeze vincristine wochepa chabe, opanga mankhwala amafunika matumba ambirimbiri a masamba, ndipo amachotsa zonse zosafunika. Dokotala amayeza mlingo molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwala, nawapereka kudzera mu mtsempha wa magazi basi. Ngakhale mankhwala oyezedwawo amatha kuchititsa dzanzi m'zala. Nanga bwanji madzi a mu mphika amene palibe wadziŵa mphamvu yake? Masamba a periwinkle ali ndi poizoni, ndipo zitsamba zina zimaononga chiŵindi ndi impso, zimene wodwala akuzidalira kuti apirire chithandizo.

Banja likathedwa nzeru, sipaloŵa nthaŵi pasanafike munthu wa botolo wolonjeza kuchiza khansa iliyonse. Mbuzi zimagulitsidwa, chimanga chimatha m'nkhokwe, ndipo wodwala amabwerera kuchipatala nthenda itafika pena. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Abale anga, chotupa chikabwerera, bwererani nacho kuchipatala msanga, chifukwa kaŵirikaŵiri pamakhala mankhwala ena oti dokotala ayese. Musadumphe tsiku lolandira mankhwala, pakuti kudumphadumpha kumapatsa khansa mpata woti ikulenso. Ngati mukumwa mankhwala achikuda, muuzeni dokotala kapena namwino mosabisa. Ngakhale pamene kuchira kwavuta, alipo mankhwala oletsa ululu monga morphine. Amayi, pitani mukayezetse khomo la chiberekero musanayambe kudwala.

Ndipo tisamale nkhalango zathu. Mtengo umene tikuuotcha makala lero mwina ndiwo ukanapereka mankhwala kwa adzukulu athu.