Kamdothi Asungunuke Ndithu

Chaka chatha ndinaonerera mphunzitsi wina wophunzira ntchito akukamba nthano ya Kamdothi kwa ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi. Atati "Padangokhala", ana onse anavomera "Tili tonse" mwansangala. Koma atafika pamene mitambo yada bii, mwana wadothi uja ali kutali ndi kwawo, iye anapotoza nkhani: mvula inakata, Kamdothi nafika kwa make ali bwinobwino. Mtsikana wina wa kumbuyo anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, agogo satero. Amasungunuka." Pambuyo pake mphunzitsiyo anandiuza kuti sanafune kuliza ana. Mtima wake unali wabwino, komabe ndikuti analakwa.

Chizolowezi chofewetsa nthano sichinayambe ndi ife. M'buku la Charles Perrault la mu 1697, kamtsikana kovala chofiira kamadyedwa ndi mmbulu, nkhani n'kuthera pomwepo. Jacob ndi Wilhelm Grimm atasindikiza nthano za ku Germany mu 1812, wofuna kupha Snow White anali mayi wake womubala. M'kusindikiza kwa mu 1819 anamusandutsa mayi womupeza. Pamene kanema wa Disney ankatuluka mu 1937, zambiri zowawa zinali zitachotsedwa. Chodabwitsa n'chakuti masiku ano olemba mabuku a achinyamata m'Chingelezi akubwereranso ku mdima umene unachotsedwawo, ndipo owerenga akuwatsata. Margo Lanagan wa ku Australia, m'buku lake la mu 2008 lotchedwa Tender Morsels, analembanso nthano ina ya a Grimm. Mtsikana wozunzidwa ndi bambo wake athawira ku dziko lopanda choipa chilichonse, nalerera komweko ana ake awiri aakazi. Koma dziko lotetezekalo likhala ngati khola, ndipo anawo sangakule mpaka atatulukamo. Bukuli linautsa mkangano pakati pa akuluakulu, komabe funso lake ndi lomwe lija la mtsikana wa kumbuyo kwa kalasi: kodi kubisira mwana zowawa ndiko kumukonda?

N'chifukwa chiyani achinyamata amakopeka ndi nthano zotere? Choyamba, wa zaka khumi ndi zitatu wayamba kale kuona kuti akuluakulu nawonso amanama, kuti wabwino amavutika, kuti maliro sasankha nyumba. Nkhani imene imatha ndi ukwati ndi phwando nthawi zonse imamveka kwa iye ngati chinyengo. Chachiwiri, nthano imamupatsa mtunda. Za amalume olanda katundu wa amasiye sangazinene poyera, koma za fisi wobvala khungu la munthu angazikambe mopanda mantha, pakuti dzina la munthu silinatchulidwe. Chachitatu, nthano yolembedwanso mwaluso sinena zonse. Imasiya mpata, ndipo wowerenga amene akuidziwa kale yakaleyo amazindikira yekha chimene chasintha. Kuzindikira kumeneko ndi ulemu umene wolemba amapereka kwa wowerenga wake.

Ife a Chinyanja sitifunika kubwereka zimenezi kwa ena. Ku Angónia, ku Macanga ndi m'mbali mwa nyanja ku Niassa, agogo akhala akukamba za mwana wamasiye wozunzidwa, za namwali wokana amuna onse nakwatiwa ndi chilombo, za mayi wosabala amene anaumba mwana ndi dothi. Kamdothi akasungunuka, mwana womvera amaphunzira kuti pali zinthu zimene chikondi cha mayi sichingaletse. Akapulumuka, nthano yonse isanduka chenjezo lopanda mano.

Alipo amene adzati: ana athu ambiri aona kale imfa, njala ndi madzi osefukira, nanga tiwawonjezerenji chisoni? Mawuwa ndi olemera ndipo sindiwapeputsa. Pali kusiyana pakati pa mdima ndi nkhanza zongoonetsera. Agogo sankafotokoza magazi. Ankangoti chilombo chinamumeza, nyimbo n'kuyamba, onse n'kuvomera. Mantha ankagawanidwa pakati pa anthu okhala pamodzi pamoto, ndipo pomaliza wina ankati akaphule mbatata. Kalasi ikhoza kukhala bwalo lotero ngati mphunzitsi adziwa ana ake. Za kalasi yoyamba si za kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo mwana amene wangoika mayi wake sabata yatha ayenera kuganiziridwa posankha nthano. Kusankha mwanzeru ndi udindo wathu. Kunamiza ana si udindo wathu.

Apa ndi pamene chilankhulo cha mayi chimaonetsa mphamvu yake. Mwana wongoyamba Chipwitikizi amatha kunena zimene zinachitika, koma kuphiphiritsa, kusiya mawu m'malere, kusankha pakati pa "anamwalira" ndi "anatisiya", amakutha m'chilankhulo chimene analira nacho ali khanda. Choncho yesani izi. Kambani nthano monga momwe ilili. Kenako pemphani ana ailembenso m'Chinyanja, koma wolankhula akhale wina: mayi wa Kamdothi m'mawa mwake mvula itakata, kapena mnzake amene ankasewera naye osadziwa kuti ndi wadothi. Aletseni kutchula mawu akuti chisoni. Chisonicho chioneke m'zimene munthuyo akuchita. Mudzapeza wina walemba za mayi akusesa pabwalo, nazungulira malo amodzi osawakhudza ndi tsache. Mwana wotereyo waphunzira kulemba, ndipo luso limenelo adzapita nalo ku Chipwitikizi.

Mphunzitsi uja anabwereza phunzirolo sabata yotsatira, ndipo Kamdothi anasungunuka. Kalasi inakhala chete kwa kanthawi, kenako mafunso anabwera ambiri koposa tsiku loyamba lija. Inunso mukaima patsogolo pa ana anu, ikani nthano m'manja mwawo yathunthu, monga momwe inu munailandirira.