Musanagule mabo wa m'kichini, funsani kaye matimati

Mlongo wanga wangomaliza nyumba kuno ku Mwami. Anaona kichini ya mabo pa Facebook, mtima dyokodyoko, n'kuitanitsa mwalawo ku Lusaka, makilomita oposa 500 pa Great East Road. Mwezi usanathe, pamwamba pake panatuluka mabala otuwa osachoka ngakhale upukute bwanji. Mlandu wake? Anadulirapo mandimu ndi matimati.

Anzanga, mabo ndi m'bale wake wa laimu, asidi amamudya. Ndiye onani zomwe timaphika: matimati tsiku ndi tsiku, lumanda wowawasa, viniga mu saladi. Mpeni nawo umamukanda, poti pa sikelo ya Mohs mabo ali pa 3, granite pa 6 mpaka 7. Amene anamugulitsa sanatchuleko zimenezi, anangowerenga ndalama.

Ngati munagula kale, dulirani pa thabwa, chikatayika pukutani pomwepo ndi madzi a sopo, osati viniga. Sealer imachedwetsa mafuta kulowa, koma asidi siimuletsa. Ngati simunagule, tengani granite kapena matailosi.

Mlongo wangayo tsopano amadulira ndiwo panja, pa tebulo lakale lija, mabo atamufunditsa chitenje.