Kolera Ali ndi Keyala Yake

Chaka chilichonse mitambo ikayamba kuda, pawailesi pamayambanso ulaliki umene tonse tinauloweza pamtima. Sambani m'manja ndi sopo. Imwani madzi otetezedwa. Gwiritsani ntchito chimbudzi. Malangizowa ndi oona, ndipo sindikutsutsana nawo. Chimene ndikukana ine ndi bodza limene labisala kuseri kwake, lakuti munthu amadwala kolera chifukwa ndi wauve. Ine ndikuti munthu amadwala kolera, choyambirira, chifukwa cha malo amene amagona ndi kutunga madzi, ndipo malowo kawirikawiri sanachite kuwasankha yekha.

Tiyeni tione mmene mliri waukulu koposa m'mbiri ya dziko lathu unayendera. Unayamba mu Malichi 2022 m'boma la Machinga, patangopita masabata ochepa namondwe wa Ana atagumula zimbudzi ndi kuononga mijigo m'chigawo cha kummwera. Pofika pa 5 Disembala chaka chomwecho, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi ya zaumoyo, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Matendawa anafika m'maboma onse, koma sanagwe mofanana ngati mvula ya dzinja. Anakhazikika m'madoko a asodzi m'mphepete mwa nyanja ndi m'makomboni othithikana a m'mizinda. Kodi tinene kuti anthu auve onse a m'Malawi anachita kupangana kuti akamange nyumba zawo kumeneko?

Kachilombo ka kolera kalibe nzeru zosankha munthu. Kamachoka m'chimbudzi cha wodwala, kalowa m'madzi kapena m'chakudya, kenako m'mimba mwa wina, amene amayamba kutsegula zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, ndipo ngati sathandizidwa msanga amatha kuuma m'thupi ndi kufa tsiku lomwelo. Nkhani yonse yagona pa funso limodzi: kodi pakati pa chimbudzi ndi chitsime pali chotchinga chanji? Pamene pali mpope wotuluka madzi tsiku lililonse ndi suweji yosadontha, njira ya kachilomboko yatsekeka, ngakhale mwininyumba atakhala wosasamala chotani. Pamene chotchingacho palibe, ngakhale mayi waukhondo wotsuka mbale katatu ali pachiswe.

Zimenezi sizachilendo ayi. M'chaka cha 1854, kolera atapha anthu oposa 600 m'dera la Soho mumzinda wa London, dokotala wina dzina lake John Snow anajambula mapu a nyumba zimene munachitika maliro, ndipo anapeza kuti zazungulira mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Anakauza akuluakulu a deralo, iwo n'kuchotsa chogwirira cha mjigowo. Mzindawo unadzathana ndi kolera pomanga ngalande zikuluzikulu zochotsa zonyansa ndi kupatsa anthu madzi abwino. Ife papita zaka zoposa 50 chiyambire kuona kolera m'dziko muno mu 1973, koma tikadaumirirabe kuti vuto lili m'manja mwa wodwala.

Amene akukayika apite ku Blantyre akaime pamalire a Nyambadwe ndi Ndirande. Ndi mtunda woyenda wapansi, mvula yake ndi imodzi, dzuwa lake ndi limodzi. Mbali ina kuli mipanda, mipope ya m'nyumba ndi zimbudzi zogejemula. Mbali inayo nyumba zapanikizana m'munsi mwa phiri, mabanja angapo akugawana chimbudzi chimodzi chokumba, ndipo mvula ikagwa yamphamvu, zam'dzenjemo zimasefukira kutsikira kwa mnzako wa kumunsi mpaka mumtsinje wa Nasolo, umene umakathira mu Mudi. Mpope wa pakiyosiki ukauma masiku awiri, mayi wa ana anayi alowera kuti ndi ndowa yake? Mudzamupeza pachitsime chosazama cha m'mbali mwa mtsinje womwewo. Iye akudziwa bwino lomwe kuti madziwo ndi oipa. Sakusowa maphunziro. Akusowa madzi.

Kusiyana kumeneku sikunagwe kuchokera kumwamba. M'nthawi ya atsamunda, mzinda unakonzedwera azungu, ndipo antchito akuda anadzipezera okha pogona kunja kwa mapulani, kopanda mipope, kopanda misewu. Chomvetsa chisoni n'chakuti chilandirire ufulu mu 1964, mapu akalewo sitinawafufute. Tangowonjezerapo makomboni ena, anthu n'kumakwera m'mapiri chifukwa kumunsi malo adatha kapena ndi okwera mtengo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakwirira mabanja ku Chilobwe. Panamveka mawu akuti, ankafunanji kumanga m'phiri? Funso limenelo ndi mphwake wa lija lakuti, bwanji sanasambe m'manja? Onse awiri ntchito yake ndi imodzi: kusenzetsa mlandu munthu amene wagona m'bokosi, kuti amoyo okhala ndi mphamvu asafunsidwe kanthu.

Kumudzi nakonso n'chimodzimodzi. Asodzi a pa nyanja ya Chilwa amatha masabata akukhala m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi. Madzi akumwa ndi omwewo, kodzithandizira ndi momwemo. Mlangizi wa zaumoyo akamuuza msodzi wotere kuti akumbe chimbudzi, akumbe pati? Ku Nsanje ndi Chikwawa, Shire ndi Ruo akasefukira monga zinachitikira mu Januwale 2015, chimbudzi chimene banja linakumba momvera malangizo ndicho chimayamba kugwa, zonyansa zake n'kulowa m'madzi a mudzi wonse.

Ena adzati boma ndi mabungwe akuyesetsa: pali katemera wakumwa, pali mankhwala a kolorini, pali Thanzi ORS, pali misasa yolandirira odwala. Zoonadi, zimenezi zapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo anamwino amene anagona m'misasa imeneyo ndimawavulira chipewa. Koma zonsezi ndi zozimira moto nyumba itayaka kale. Katemera amateteza kwa zaka zochepa chabe, pamene chitsime choipa chimakhalapo mpaka mdzukulu.

Ndikumbutseko za ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe. M'chaka cha 2017, zonyansa za m'suweji zitalowa m'mipope ya madzi akumwa, dziko lonse linagwedezeka, nyuzipepala zinalemba masiku ambiri, ndipo nkhani inakafika kukhoti. Anthuwo anachita bwino kudandaula. Koma zimene iwo anakumana nazo kwa kanthawi, anzawo a ku Mtandire, Mgona ndi Kauma amakumana nazo dzinja lililonse, popanda loya, popanda chipukutamisozi. Kumeneko timangoti ndi umphawi, ngati kuti umphawi ndi nyengo imene munthu sangaisinthe.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu ndi wabwino kunyumba, koma dziko silingayendetsedwe motero. Msodzi wa pa Chilwa sangadzikokere yekha mpope, mayi wa ku Ndirande sangamange yekha suweji. Imeneyi ndi ntchito ya makhonsolo, mabungwe ogawa madzi ndi aphungu amene amagawa ndalama za misonkho yathu. Zipatala zimalemba kumene wodwala aliyense wachokera, choncho keyala ya kolera ikudziwika kale. Ndikupempha kuti mapu amenewo aikidwe pathebulo tsiku lokambirana bajeti, ndipo mpope woyamba upite kumene kwachokera maliro ambiri. Phungu amene adzabwere kumaliro a kolera ndi thumba la ufa ndi uphungu wa sopo, anamfedwa adzamufunse mwaulemu kuti: bwana, madzi osambira m'manjawo tikatunge kuti?