ZA CHILENGEDWE: MWALA WINA ULI NDI MASO

Ife amene tidakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi timadziwa ndithu kupweteka kwa minga ya nkholokolo. Koma tikapita ku nyanja ya mchere, kaya ku Pemba, ku Nacala kapena ku Zanzibar, tisaiwale kuti m'matanthwe a pansi pa madzi muli nsomba za minga ya ululu woposa pamenepo.

Ziwiri mwa nsombazi zimasokoneza ngakhale anthu ozolowera kusambira pansi pa madzi, chifukwa zonse zimangokhala duu ngati miyala yomera ndere. Pa Chingerezi zimatchedwa stonefish ndi scorpionfish.

Kodi tingazisiyanitse bwanji? Tiyambe ndi kumutu. Pakamwa pa stonefish pamayang'ana kumwamba, ndipo maso ake ndi aang'ono, ovuta kuwaona. Ilibe mamba, khungu lake lili ngati la njerewere, ndipo thupi lonse ndi chibulumwa chabe. Pamsana pake pali minga 13. Scorpionfish imaonekabe ngati nsomba: ili ndi mamba, maso ake ndi otuluka, pakamwa pamaloza kutsogolo, ndipo mitundu yambiri ili ndi minga 12. M'bale wawo lionfish savuta kumuzindikira chifukwa cha mizeremizere yofiira ndi yoyera komanso zipsepse zazitali, koma nayenso amabaya.

Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa ululu wa stonefish ndiye woopsa koposa ndipo ungathe kupha munthu. Dokotala adzafuna kumva kuti yabaya ndi iti. Mankhwala othana ndi ululu wa stonefish alipo, ndipo adayamba kupangidwa ku Australia mu 1959.

Wina akabayidwa, timutulutse m'madzi msanga. Tiviike balalo m'madzi otentha a madigiri 45, osapitirira apo, kwa mphindi 30 mpaka 90, pakuti kutentha kumachepetsa ululu. Tiyambe tayesa madziwo ndi dzanja lathu kuopa kumuwotcha. Tisamange mwendo ndi chingwe, tisatemere, tisayamwe bala. Tithamange naye ku chipatala.

Nsombazi sizithamangitsa munthu ayi. Zimabaya amene waziponda kapena kuzigwira. Choncho ana athu avale nsapato zolimba poyenda m'matanthwe, ndipo tisatole mwala uliwonse pansi pa madzi. Tikafika kumene, tifunse asodzi a kumeneko. Paja akulu adati safunsa adadya phula.