Pafupifupi Si Muyeso

Makolo ena mu mpingo akhala akufunsa za ana ao amene amachezera pa kompyuta kujambula nyumba, matebulo ndi makabati. Chojambulacho chimaoneka ngati chenicheni, pakuti mwana amatha kuchitembenuza, nachiona kumbuyo, nachionanso kumwamba monga achitira khwangwala pouluka. Funso lao n'lakuti, kodi imeneyi ndi ntchito kapena maseŵera? Ife tikuti zitengera ngati mwanayo akujambula ndi miyeso kapena ndi maso chabe.

Pulogalamu imodzi imene ophunzira ambiri amayambira ndi SketchUp. Inatuluka m'chaka cha 2000 ku Boulder, m'dziko la Amereka. Kampani ya Google inaigula mu 2006, ndipo mu 2012 inapita m'manja mwa kampani ya Trimble. Mukaitsegula muona mizere itatu yokumana pamodzi: wofiira ndi wobiriŵira yagona pansi, wabuluu waimirira. Imeneyi ndiyo mulitali, mulifupi ndi msinkhu, zomwe zija timaphunzitsa ku pulayimale ana nkumayasamula.

Pali njira ziŵiri zojambulira chipinda m'menemo. Ina ndi kukoka mzere ndi mouse kufikira diso litakhutira. Inayo ndi kuyamba mzerewo, kenaka kulemba chiŵerengero ndi kudina Enter. Chiŵerengerocho chimaloŵa m'kabokosi ka miyeso kamene kali m'munsi kudzanja lamanja. Ngati mwasankha mamilimita, mukalemba 4000,3000 pojambula pansi pa chipinda, mupeza chipinda cha mamita 4 mulitali ndi mamita 3 mulifupi, osapyola ngakhale tsitsi limodzi. Pokweza khoma ndi chida chotchedwa Push/Pull muchitanso chimodzimodzi: lembani 2700, khoma liima pa mamilimita 2700. Zipinda ziŵirizi, cha diso ndi cha chiŵerengero, poziona zifanana ngati mapasa. Kusiyana kwake kudzadziŵika tsiku logula matabwa.

Inu achinyamata, pali kachizindikiro kamene tifuna kuti mukadziŵe bwino. Nthaŵi zina poyesa mzere, patsogolo pa chiŵerengero pamaoneka kanthu kopindika ngati kanjoka, aka ~. Tanthauzo lake n'lakuti chiŵerengero chimene mukuonacho n'chapafupifupi. Mzerewo suli ndendende pamenepo. Ambiri amakadumpha poti n'kakang'ono. Koma tinene kuti mukuyala mitanda ya denga la tchalitchi, mipata 20, ndipo mpata umene mwaukopera ponseponse wapyola ndi mamilimita 5. Pofika ku mapeto mwasokera ndi mamilimita 100, ndiye kuti masentimita 10. Lata silitanuka ngati mphira, ndipo thabwa lodulidwa kale silimeranso. Ndalama zogulira zina zidzachokera m'zopereka za akhristu amene anagulitsa mtedza wao kuti denga liikidwe mvula isanagwe.

Chinanso ndi mtundu wa muyeso. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Akalipentala athu ambiri akali kutchula matabwa m'mainchi, pamene ana ku sukulu aphunzira mamita, ndipo kompyuta ilandira zonse mosafunsa. Mukaisiya pa mainchi nimulemba 900, poganiza za khomo la mamilimita 900, idzakupatsani khomo la mamita pafupifupi 23, loti ndege nkuloŵamo. Kulakwa kotere n'kwabwino, poti kumaoneka msanga. Koopsa ndi kuja kobisika, monga kuiŵala kunenepa kwa khoma. Chipinda cha 4000 m'kati, ngati makoma ake ali a mamilimita 230, kunja chikhala 4460. Mmisiri akaŵerenga 4000 ngati muyeso wakunja, chipindacho chichepa ndi mamilimita 460, ndipo bedi limene munaliyesera malo lidzatsekereza chitseko. Dziŵaninso kuti pa kompyuta chinthu chimajambulidwa pa ukulu wake weniweni. Kuchepetsa kuja kwa 1:100 kumene tinazoloŵera pa pepala kumadza pa nthaŵi yosindikiza pulani.

Nkhani ya miyeso si yachilendo kwa oŵerenga Mau a Mulungu. Pa 1 Mafumu 6 tipeza kuti Kachisi wa Solomo anali wa mikono 60 mulitali, 20 mulifupi ndi 30 msinkhu, ndipo miyala yake inasemedweratu kumene inakumbidwa, kotero kuti pomanga panalibe phokoso la nyundo. Taganizani. Mwala wosemedwa kutali ungakhale bwanji pa malo ake popanda kuugogoda, ngati wosema ndi womanga sanagwirizane pa muyeso umodzi? Ntchito ya wojambula lero ndi yomweyo: iye ali kuno, wodula thabwa ali uko, mwina sadzaonana konse, ndipo chimene chiŵalumikiza ndi chiŵerengero chokha.

Wina anganene kuti, nanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre? N'zoona. Mbusa David Clement Scott sanaphunzire ntchito yolemba mapulani, ndipo tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 popanda pulani yatsatanetsatane. Chilipobe mpaka lero. Koma iye ndi amisiri a kuno amene anagwira ntchitoyo sanamange mwa chiponyeponye. Mbali iliyonse yovuta anayamba aiyesa posanja njerwa zouma popanda matope, ndipo ataona kuti zakhalana bwino ndi pamene anamanga. Ife tiona kuti kompyuta ndiyo njerwa zouma za masiku ano. Ikulolani kusanja ndi kugumula kaŵirikaŵiri popanda kutaya thumba la simenti. Komatu njerwa za Scott zinali zenizeni, za ukulu wodziŵika, pamene njerwa ya pa kompyuta imakhala ndi ukulu umene inu mwaipatsa. Mukainamiza, idzasunga bodzalo mokhulupirika kufikira pa pulani yomaliza.

Tsono makolo anzathu, musaope kuti simudziŵa kompyuta. Mgulireni mwanayo tepi yoyesera, ndipo mumtume ayese khitchini yanu, m'kati ndi kunja, khomo ndi zenera lomwe, nalembe zonse m'kope asanayatse makina. Atajambula, muuzeni ayese pa kompyutapo kuchokera pa ngodya ina kufikira pa ngodya yopenyana nayo, kenaka mukayese limodzi ndi tepi m'khitchinimo. Chipinda cha 4000 ndi 3000 chiyenera kupereka 5000 ngati ngodya zake zili pa sikweya, monga amisiri adziŵira ndi chingwe chao cha 3, 4 ndi 5. Ziŵerengero ziŵirizo zikasiyana, afufuze ngati cholakwa chili m'kope, pa kompyuta, kapena m'khoma limene munamanga.