Kupatsa n'kuika, boma limve

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mwambiwu timakonda kulangira ana oumira, koma lero ndikuupereka kwa boma.

Taganizirani mlimi wa m'mapiri a ku Ntcheu kapena ku Neno. Alangizi amamuuza kuti akweze akalozera, abzale vetiva, aphimbire mapesi m'munda osawatentha, asiye mitengo m'mbali mwa mtsinje. Malangizo abwino ndithu. Koma gawo lalikulu la ntchitoyi limagwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nkhokwe itayamba kuonekera pansi. Ganyu wa tsiku limodzi amabweretsa ufa madzulo omwewo, pomwe nsangu wobzala lero udzayamba kudyetsa nthaka mwana wakhanda ali kusukulu. Bamboyu akasankha ganyu kapena thumba la makala musamunene kuti ngwosamva. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nanga akapirira, wopindula ndani? Dothi lomwe watchinga kumtunda ndi lomwe likanatsikira mu Shire kukatsamwitsa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, n'kudetsa madzi pa Walker's Ferry pomwe mzinda wa Blantyre umapopa. Thukuta ndi lake, kuwala n'kwathu ife a m'tauni. Zimenezi zimandipweteka mtima.

Ku Costa Rica anaziona msanga. Lamulo la nkhalango la 1996 linatsegula njira, ndipo kuyambira 1997 boma limalipira eni malo pa hekitala iliyonse yomwe akusamala, ndalama zambiri zikuchokera ku msonkho wa mafuta agalimoto. Nkhalango zomwe zinachepa kwambiri m'zaka za m'ma 1980 lero zakuta malo oposa theka la dzikolo.

Kuno tinalonjeza kubwezeretsa nkhalango ndi chonde pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Kuyambira 2005 takhala tikuthira mabiliyoni mu feteleza wotsika mtengo, koma feteleza wothira m'munda wokokoloka amapita ndi mvula yoyamba. Bwanji osapatulako gawo lina n'kupatsa amene wagwira nthakayo?

Pempho langa kwa aphungu ndi a unduna wa zamalimidwe ndi ili: malipirowo asamaperekedwe tsiku lobzala, pamene pali ng'oma ndi makamera. Alangizi azikawerenga mitengo yomwe yapulumuka chilimwe chachitatu, ndalama n'kulowa pafoni ya mlimi mwiniwake. Ndipo mayi wolima malo a makolo, wopanda chikalata, musamusiye kunja. Mfumu yake imadziwa malire a munda wake.