Zimitsani toci, ziphaniphani ziri ndi nkhani

Mvula ikayamba mu November, dambo lomwe likali ndi moyo limadziwika pa cisisira, pamene ziphaniphani ziyamba kung'anima pamwamba pa udzu. Koma tafunsani mwana wa ku Kanyama kapena ku Kapata kuti ciphaniphani anaciona liti. Ambiri adzangokuyang'anani.

Kuziona sikulira ndalama. Imani cete m'mbali mwa dambo dzuwa litangolowa, toci ndi foni zozimitsa, mudikire mphindi 15 kuti maso azolowere mdima. Zouluka uku zikung'anima kawiri-kawiri zimakhala zazimuna. Zazikazi zimakhala pa udzu ndi kuyankha. Tsatani cimodzi ndi maso, muwerenge camumtima kucokera pa kung'anima kwina kufika pa kwina. Onaninso ngati ciuluka m'munsi kapena m'mwamba, ngati kuwala kwace ndi kobiriwira kapena kwacikasu. Apa ndipo posiyanitsira, pakuti dziko lonse liri ndi mitundu yoposa 2,000, ndipo mtundu uli wonse wong'anima uli ndi kang'animidwe kace-kace. Kamene kangowala pansi osazima mwina ndi kamphutsi, mwinanso kakakazi kopanda mapiko.

Moto wace sutentha. Umacokera ku mankhwala a m'mimba mwace ochedwa luciferin akakumana ndi mpweya. Ife amene tinalawako Cilatini ku seminale tidziwa kuti dzinali licokera ku mau otanthauza “wonyamula kuwala” cabe, tsono wina asathamangire madzi odalitsa.

Cotidetsa nkhawa ndi ici. Mphutsi ya ciphaniphani imakhala miyezi yambiri m'dothi lonyowa, kudya nkhono. Dothi likauma, yatha. Mu 2020, Sara Lewis wa ku Tufts University ku America ndi anzace anafalitsa kafukufuku wochula adani atatu akulu a ziphaniphani: kuonongeka kwa malo ao, magetsi a usiku ndi mankhwala ophera tizilombo. Onse atatu tiri nao kuno. Madambo tikuwadula mapuloti, m'madimba tipopera mosayeza, ndipo pansi pa babu loyaka usiku wonse camphongo siciona yankho la cacikazi.

Ena adzati mbala nazo ziripo. Zoona, koma babu likhoza kuloza pakhomo, osati kudambo.

Nkhani ya mapuloti ndiyo yaikulu. Dambo lomwe lilera ziphaniphani ndi lomwelo lisunga madzi a zitsime zathu m'cilimwe, ndipo cilala ca 2024, comwe boma linacicha tsoka la dziko lonse, cinaonetsa poyera mtengo wa madzi otere. Tipempha makhansala ndi anyakwawa kuti asanapereke puloti m'dambo, apite okha akaimepo madzulo amodzi a mu December, toci itazima, akaone cimene alikugulitsa.